Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Granola ndi impso zanga

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinalandirira uthenga woti matenda anga a impso afika pa siteji 3. Pa siteji imeneyi eGFR, nambala yosonyeza mmene impso zikusefera magazi, imakhala pakati pa 30 ndi 59. Abale atangomva, aliyense anabwera ndi malangizo ake. Achemwali anga anabwera ndi paketi ya granola. "Iwe, uzidya izi m'mawa. Aliyense akuti n'zopatsa thanzi."

Sananame. Muli oats, mtedza, njere, zipatso zouma ndi uchi, zakudya zabwino kwa munthu wa impso zolimba. Koma zanga zinali zitayamba kulephera kutaya potaziyamu ndi fosifolasi, michere yopezeka m'zakudya, choncho paketiyo ndinapita nayo kwa katswiri wa kadyedwe ndisanaitsegule.

Mayiwo anayamba apempha pepala la zotsatira za magazi. Chala chawo chinaima pa potaziyamu. Anati mlingo wabwino ndi 3.5 mpaka 5.0, ndipo wanga unali kumtunda kwenikweni. Potaziyamu akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zambiri munthu osamva kalikonse. Chinanso, ndimamwa losartan wa kuthamanga kwa magazi, yemwe amateteza impso koma amakwezanso potaziyamu.

Kenaka anathira granolayo pambale n'kuyamba kupatula ndi supuni. Mphesa zouma uku, nthochi zouma uku, maamondi uko. "Mayi, chipatso chikauma madzi amachoka, koma potaziyamu amatsala yense," anatero. Mphesa zouma zodzaza dzanja limodzi ndi mphesa zambiri zedi. Ukathiraponso mkaka wawonjezera potaziyamu ndi fosifolasi pakamodzi.

Nkhani ya fosifolasi ndi imene inandikhazika mtima pansi. Ndinkamuopa chifukwa akachuluka m'magazi amafooketsa mafupa, amaumitsa mitsempha ya magazi, ndipo khungu limayabwa. Koma wopezeka mwachilengedwe mu oats ndi mtedza thupi limangoyamwako gawo chabe, pomwe wothiridwa kufakitale limayamwa pafupifupi yense. Anatembenuza paketi n'kundiphunzitsa kufufuza mawu aliwonse okhala ndi "phos" pamndandanda wa zosakaniza. Anandionetsanso shuga, popeza granola wambiri amamatidwa ndi uchi kapena manyuchi, ndipo ambiri odwala impso alinso ndi matenda a shuga.

Sanandiletse, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Zimandipweteka ndikaona odwala anzanga akuwonda chifukwa chosalitsidwa chilichonse, pomwe magazi awo ali bwino. Munthu wa siteji 2 amene potaziyamu wake sakuvuta angathe kudya granola wamba, osapitirira muyezo. Amene ali pa dayalisisi, chithandizo chosefa magazi impso zikalephera, malamulo ake ndi ena, ndipo asatengere ine.

Tinagwirizana kuti ndizipanga ndekha. Ndimasakaniza oats, mafuta pang'ono, sinamoni ndi uchi wongokwanira kumata, n'kuwotcha mu uvuni mpaka zifiire. Mtedza ndimangowaza, zipatso zouma ayi. Pamwamba ndimadulira apozi, yemwe potaziyamu wake ndi wochepa. Ndimadya kota ya kapu, si tsiku lililonse, ndipo ndikayezetsa magazi timaonanso ngati muyezowo ukadali woyenera.

Achemwali anakhumudwa pang'ono poyamba, koma paketi ija anadya ndi ana awo. M'gawo likubwerali ndidzakamba za mchere, makamaka uja amati ngwa odwala BP pomwe muli potassium chloride, mchere wa potaziyamu yemweyu.