Mamita 300 amene anandisowetsa tulo

Sabata yachitatu ino ndikadali pa kantchito kanga kosamutsa njira za m'phiri la Mulanje kuchoka pa mapu a pepala kupita pa Google Earth. Mapuwo ndi aja akale a 1:50,000, anandisiyira malume. M'mopinda monse anang'ambika, ndipo pakona pali banga la tiyi.

Lolemba ndinayamba ndi zochititsa manyazi. Ndinalemba 15.95, 35.59 pa Google Maps pofuna Sapitwa, kapini kofiira kaja n'kukagwera kum'mawa kwa Sudan. Ndinali nditaiwala minus. Ife tili kummwera kwa equator, choncho nambala yoyambayo, ya latitude, iyenera kukhala -15.95. Kamzere kamodzi basi, koma kananditumiza kuchipululu.

Lachitatu ndinalowa mu Options ya Google Earth Pro n'kusintha kuti izionetsa UTM, njira yolembera malo m'mamita, m'malo mwa madigiri, popeza timabokosi ta pa mapu a malume ndi ta mamita. Apa ndinasangalala. UTM imagawa dziko lapansi m'zigawo zotchedwa zone, ndipo Malawi yense ali mu zone 36, yomwe ikuyambira pa 30°E kulekeza pa 36°E, ndiye palibe zodumphadumpha. Chimene chimasintha ndi chilembo chokha: pa Sapitwa imalemba 36 L, koma ukatsika pang'ono kuwoloka 16°S, cha kuboma, yalemba kale 36 K. Poyamba ndinkayesa ndakhudza china chake.

Vuto lenileni linabwera Lachinayi usiku. Ndinawerenga manambala a nsonga ya Sapitwa, ija ya mamita 3,002, kuchokera papepala, n'kuwalemba bwinobwino. Kapini kanakaima pambali, kumpoto kwa nsonga. Ndinayesa pamene mitsinje iwiri ikukumana, chimodzimodzi. Ndinayesa malo achitatu, kusiyana kwake komweko, pafupifupi mamita 300, mbali yomweyo. Zikanakhala kuti dzanja langa ndilo likuphonya, bwenzi kapini kakugwera uku ndi uko. Kulakwa kofanana chonchi kumakhala ndi mwini wake.

Mwini wakeyo ndinamupeza m'munsi mwa pepala, m'timalemba tating'ono tomwe sindinawerengepo chiyambire: Arc 1950, Clarke 1880. Awa ndi maina a muyeso wa dziko umene mapuwo anatsata, umene amautcha datum. Google Earth ndi GPS ya m'foni zimayendera datum ina, WGS 84. Mapuwo ndi Google Earth onse akuti UTM zone 36, inde, koma dziko analiyeza mosiyana kukula ndi kuphwatalala kwake, ndipo poyambira kuwerenga si pamodzi. Kusintha madigiri kukhala UTM pa Google Earth ndi kungosintha kalembedwe. Datum imakhala yomweyo, ndipo mulibe batani loisinthira. Izi n'zimene zinandipusitsa masiku awiri.

Ndiye ndinapita pa epsg.io, pa tsamba losinthira manambala. Pamenepo muyeso uliwonse uli ndi nambala yake ya EPSG. Kolowera ndinaika EPSG:20936, yomwe ndi Arc 1950 zone 36S, kotulukira EPSG:32736, ya WGS 84. Northing, nambala ya kumpoto ndi kummwera, inatsika ndi mamita 300 aja; easting, ya kum'mawa ndi kumadzulo, inangosuntha pang'ono. Kapini kanakhala pansonga penipeni. Ndinakuwa, mpaka mayi a kunyumba anadzuka kufunsa ngati kwalowa wakuba.

Kachenjezo kwa anzanga: mukasankha EPSG:4326, ya madigiri, pa tsambalo, nambala yoyamba (x) ndi longitude. Mukakopera kupita pa Google Maps, tembenuzani, latitude patsogolo.

Malo 14 ndakonza, atsala 22, ambiri a njira yochokera ku Likhubula kukwera ku Chambe. Loweruka likubwerali ndikayeza atatu oyambirira ndi foni, mvula ikalola.