Zikomo nonse, tsopano ndikugona

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha achemwali anga kumudzi kwathu ku Thyolo. Pamanda paja anandipatsa mpata woti ndiyankhule koma mawu anakana kutuluka, ndiye kuthokoza kwanga ndakubweretsa pano. Pa chilizacho talembapo mayina awiri, la achemwali ndi la mwana wawo wotsiriza, ngakhale kuti pansipo pagona munthu mmodzi. Mtembo wa mwanayo sunapezeke. Onse awiri anapita ndi matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa 13 Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy.

Za tsoka limenelo sindichulutsa, nonse munaliona. Anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno, oposa 500,000 anathawa m'nyumba zawo n'kukakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi, kuyambira Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe mpaka Chikwawa ndi Nsanje. Boma linalengeza masiku 14 olira maliro. Ife tinali banja limodzi chabe pakati pa ambiri.

Ndiyambe ndi anyamata a ku Chilobwe amene munakumba matope ndi makasu, mafosholo ngakhale manja enieni mvula ikugwabe. Ambiri a inu mayina anu sindikuwadziwa. Asilikali ndi a Red Cross amene munabwera kudzathandiza, achipatala cha Gulupu kumene tinakazindikira thupi la achemwali, amayi a Mvano amene munagona pasiwa ndi kutiphikira, anzanga a pamsika amene munasonkha ya bokosi ndi ya galimoto, Mulungu akubwezereni. Maliro n'kulirana, ndipo inu munatilira.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi china, chimene ambiri simunachidziwe chifukwa chinkachitika usiku, anthu atabalalika kalekale.

Ndinayamba kulota maloto oopsa. Chodabwitsa n'chakuti achemwali sindinkawalota kawirikawiri. Ndinkalota amoyo. Lero madzi akukokolola mwana wanga wamkazi ine nditamugwira dzanja koma dzanjalo likuterereka. Mawa ndikukumba pansi n'kupeza nsalu ya amayi anga, amene ali moyo ndipo akulima kumudzi. Tsiku lina bambo a ana agona pamphasa atawafunditsa nsalu yoyera, ine ndikufuna kukuwa koma pakhosi patatsekeka. Ndinkadzidzimuka thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, n'kuthamangira kuchipinda kwa ana kukawayika dzanja pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Mvula ikangoyamba kugogoda pamalata, tulo tinkatheratu. Ndinafika poopa bedi langa lomwe. Ndinkachapa, kusita, kusesa pakati pa usiku, chilichonse choti ndisatseke maso. Masana pamsika ndinkasokoneza chenji.

Kuopsa kwa malotowo kunali kwina, koma chimene chinkandidya kwambiri ndi tanthauzo lake. Kwathu kuno maloto satayidwa wamba. Ukalota imfa ya munthu wamoyo, mtima umati ndi malodza. Amene ndinawauza, aliyense anali ndi kumasulira kwake. Ena anati achemwali akwiya chifukwa mwana wawo sitinamuike m'manda. Wina anachita kundinong'oneza kuti malemuwo akufuna kutenga mwana wanga kuti alowe m'malo. Ena anati pali munthu akundiyendera usiku, ndipite kwa asing'anga. Ndikudziwa kuti ambiri ankanena mondikonda, koma ndikupempheni abale anga: munthu wofedwa akakuuzani maloto ake, musathamangire kumasulira. Mawu amene inu mwangowataya pakhonde, iye amakagona nawo.

N'chifukwa chake zikomo yanga yaikulu ikupita kwa amene simunamasulire kanthu.

Amalume, eni mbumba, munandiyitana kumudzi n'kundikhazika pansi. Munandifunsa funso limodzi lokha: "Iwe, mkulu wako uja ali moyo anamenyapo mwana wako ngakhale kamodzi?" Ndinati ayi, ankamukonda kuposa ine. Munati, "Nanga lero ayambe bwanji kumufunira zoipa?" Tsiku limenelo katundu wina anatsika. Ndi inunso amene munagamula kuti dzina la mwana uja lilembedwe pa chiliza cha mayi ake, kuti ifenso tikhale ndi poti n'kuloza.

Apongozi anga, munasiya dimba lanu n'kubwera kudzagona m'chipinda cha ana. Ndikadzuka kuti ndikawaone, munkangoti, "Ali bwino mwana wanga, ndilipo, kagoneni." Simunandiseke, ndipo simunakazifalitse kumudzi.

Bambo a ana, inu ndiye munazionera pafupi. Munapirira kubwebweta kwanga, kukukandani kutulo, ndi nyali yoyaka usiku wonse mayunitsi a magetsi akutha. Mmawa munkapita kuntchito maso ali psuu koma simunasamukire pabalaza.

Ndipo pali namwino wina wa pachipatala chathu chaching'ono. Ndinapita kumeneko chifukwa cha mutu ndi kugunda kwa mtima, ndikuganiza kuti ndi BP. Atandiyeza anandiyang'ana n'kufunsa, "Amayi, usiku mukugona bwanji?" Ndinangoyamba kulira pomwepo. Iye ndi amene ananditumiza kwa phungu wa za maganizo. Poyamba ndinakana, chifukwa kwathu kuno ukangomva za maganizo umaganiza za chipatala cha amisala ku Zomba, ndipo ndinkaopa kuti anthu aziti mayi uja wazungulira mutu. Namwinoyo anandiuza kuti ambiri amene amakaonana ndi aphungu amapita n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ngati wodwala wina aliyense.

Zimene ndinaphunzira kwa aphunguwo ndizilemba mwatsatanetsatane, chifukwa ndikudziwa kuti ku Chilobwe, ku Manja, ku Ntauchira ndi kwina kuli anthu amene mpaka lero akudzuka usiku ngati mmene ndinkachitira ine.

Anandiuza kuti munthu akaona zoopsa kapena akafedwa mwadzidzidzi, ubongo umakhala tcheru ngati mlonda amene akuba anamulowerapo kamodzi: ngakhale mphaka adutse, iye amaimba wezulo. Kulota ana anga akufa sikunali kulosera. Kunali mantha a munthu amene waona kuti imfa ingabwere mmawa umodzi n'kutenga anthu awiri, ndiye mtima ukulondera amene atsala. Anandifotokozeranso chifukwa chake malotowo ankakonda kubwera chakum'bandakucha: gawo la tulo limene timalota kwambiri limatalika kukamayandikira kucha. Ine ndinkaganiza kuti imeneyo ndi nthawi ya afiti. Anatinso kudzikaniza tulo kumangowonjezera vuto, pakuti thupi likadzagona limabweza ngongole ya tulo ta maloto tija, ndipo malotowo amabwera mwamphamvu. Mowa nawonso umachita chimodzimodzi: umagonetsa msanga koma chakumapeto kwa usiku tulo timasokonekera. Izi ndikunenera makamaka abambo, amene ambiri salira pagulu koma timawaona kumene amakathera madzulo.

Njira imene inandithandiza kwambiri poyamba ndinaiona ngati masewera a ana. Anandiuza kuti ndisankhe loto limodzi, osati loopsetsetsa, ndililembe m'kope masana dzuwa likuswa mtengo, kenaka ndilisinthe mmene ndikufunira ine. Ndinasankha la dzanja loterereka lija. M'kulemba kwanga kwatsopano, mwanayo ndinam'bereka kumbuyo ndi nsalu n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa, n'kukwera naye pamtunda pamene panali anthu akuwotha moto. Tsiku lililonse masana ndinkakhala phee kwa mphindi zingapo n'kumaliona loto latsopanolo m'maganizo, mpaka kumva kulemera kwa mwana kumsana ndi fungo la utsi. Sizinasinthe msanga. Koma pang'onopang'ono loto lija linayamba kubwera patalipatali, ndipo likabwera silinkafika kumapeto kwake koipa kuja.

Zina zinali zazing'ono. Ndikadzidzimuka, m'malo mothamangira kwa ana, ndinkakhala tsonga, kuponda pansi ndi mapazi opanda nsapato, kutchula mokweza tsiku ndi malo amene ndili, kumwa madzi, kenaka kupuma pang'onopang'ono, mpweya wotuluka uzitalika kuposa wolowa. Ndinayamba kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, n'kusiya tiyi wa madzulo. Ndinafufutanso m'foni mavidiyo onse a matope aja amene ankazungulira pa WhatsApp. Pamenepa ndinene mosabisa: inu amene mumatumiza zithunzi za mitembo m'magulu, dziwani kuti m'magulumo muli abale a anthuwo. Chaka chilichonse Malichi akafika zimayambiranso. Lekani.

Abusa athu, zikomo chifukwa simunandiuze kuti ndisankhe pakati pa pemphero ndi chipatala. Munandipempherera, n'kundifunsanso ngati ndapita kukaonana ndi aphungu sabata imeneyo. Ena akanati chikhulupiriro changa n'chochepa.

Sindikunena kuti zonse zatha. Mitambo ikada chakuphiri ndimayamba kuimbira foni aliyense. Nthawi zina loto limabwerabe, makamaka Malichi akayandikira kapena a zanyengo akalengeza za namondwe wina. Koma dzinja lapitali ndinagona mvula ikugwa usiku wonse, n'kudzutsidwa ndi ana akufuna phala. Achemwali ndimawalota tsopano mwa apo ndi apo, koma amabwera ali bwinobwino, nthawi zina akundikalipira za mchere wambiri m'ndiwo monga ankachitira.

Mwana wawo wamkulu, amene anapulumuka chifukwa usiku umenewo anagona kwathu, tikukhala naye. Nayenso anali ndi zake: kukodza pogona ali wamkulu kale, kukana kugona yekha, kukhala duu m'kalasi. Aphunzitsi ake amene munazindikira msanga n'kutiyitana m'malo momukwapula, zikomo. Alamu anga a ku Johannesburg amene mwakhala mukutumiza ya yunifolomu ndi makope osatopa, zikomo. Ana amalota zoopsa ngati ife, kungoti sadziwa kuzifotokoza, ndiye makolo muziwafunsa modekha.

Kwa inu amene mukudutsa m'zimene ndinadutsamo: yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukanene zenizeni, kuti simukugona ndiponso mukulota zoopsa, osangoti mutu ukupweteka. Ku Gulupu kuli madokotala ndi anamwino a za maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, ndipo m'zipatala za m'maboma mufunse za namwino woona za maganizo. Ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukubwererani, musadikire mawa, uzani munthu lero lomwe ndipo apite nanu kuchipatala. Amene muli mu Blantyre muno ndipo mukuchita mantha kupita nokha tsiku loyamba, ndilembereni kumbali. Lachitatu sindipita kumsika, ndikhoza kukuperekezani.