Zikomo kwa amayi a mbatatesi pa msika wa Ulongwe

Sindikudziwa dzina lanu, amayi. Ndimangokumbukira duku lobiriwira ndi matumba anu a mbatatesi a ku Tsangano. Mayi anga atachita chizungulire pafupi ndi malonda anu, munawakhazika pa thumba, n'kuwona dontho la magazi pa chitenje. Munawafunsa motsitsa mawu, ine osamva. Kunyumba ndiye anandiuza: kwa miyezi itatu ankachapa nsalu usiku kuti tisadziwe. Anasiya kusamba zaka 6 zapitazo, ndiye ankaganiza kuti mwezi wangobwereranso.

Inu munawauza mosapita m'mbali kuti munthu akatha chaka chathunthu osasamba, magazi akabweranso si mwezi ayi, apite kuchipatala. Mawu amenewo ndi amene anatikweza chapa kupita ku Tete.

Zikomonso kwa anamwino amene sanawakalipire mayi chifukwa chochedwa (ine ndinawakalipira m'njira, ndikuvomera). Anawayeza, n'kupeza kachotupa m'chiberekero kosakhala khansa, ndipo kanachotsedwa. Asanatilole kupita anatembenukira kwa ine: “Nanga inuyo, munayezetsa khomo la chiberekero?” Ndinangoyang'ana pansi. Anandipaka viniga, kuyeza kwake mphindi zochepa chabe, n'kundifotokozera kuti malo a pakhomopo akasintha mtundu n'kuoneka oyera amawachiza asanasanduke khansa. Anandikumbutsanso za katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero) wa mwana wanga wamkazi wazaka 9, ndipo wabayitsa kale.

Amayi, Loweruka lino tikubwera ku msika ndi nkhuku. Musakane, mayi aikonzera kale mtanga.