Sindinagwe, ndinatsika

Popeza ena mwayamba kale kunditumizira zithunzi za mipando pa WhatsApp, lekani ndinene ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Choyamba, sindinagwe ayi. Ndinatsika pang'onopang'ono, mwaulemu wake.

Ana anga a zaka 6 ndi 7 ndakhala ndikuwaphunzitsa design thinking, njira yopangira zinthu ya masitepe asanu yomwe inatchuka ku yunivesite ya Stanford ku America: kumvetsa munthu amene ukumupangira chinthu, kupeza vuto lake lenileni, kusonkha maganizo, kupanga chitsanzo, kenako kuchiyesa. Vuto anasankha okha: aphunzitsi alibe pokhala akamawerenga nthano, ndiye anaganiza zondipangira mpando wa makatoni. Mmodzi anandiyeza m'chiuno ndi chingwe, chingwecho chinaperewera, iye n'kulemba zimenezo nkhope ili gwa.

Ndinawauza kangapo kuti katoni imalimba timizere ta m'kati mwake tikaimirira, ukatigoneka imafwamphuka. Ndinawauzanso kuti guluu woyera uja amafuna tsiku lathunthu kuti aume zenizeni. Mboni zilipo, ngakhale zambiri mano akutsogolo zilibe. Kungoti mpandowo anaukongoletsa ndi timaluwa ta mapepala, ndipo maso onse anali pa ine. Inu mukanakana?

Ndinakhala. Kwa kanthawi zonse zinali bwino, moti ndinayamba kuganiza zokawauza ahedi. Kenako mpando unapuma. Ndithu, unatulutsa mpweya, fwuuu, ngati gogo wotopa ndi ulendo. Ndinamva mwendo wakumanzere ukugwada, wakumanja nawo unalingalira kaye, n'kutsatira mnzake. Ine ndikungomira, buku la nthano lili m'manja, chala chili pa mzere womwe ndimawerenga, mpaka mawondo anafika m'makutu. Nsapato zanga ndinaziona pafupi kwambiri moti ndinazindikira kuti imodzi yang'ambika.

Kalasi yonse zii. Kenako kamtsikana kena kanabwera ndi pensulo, n'kufunsa funso lomwe ndinakaphunzitsa ndekha: "Aphunzitsi, mukumva bwanji pogwiritsa ntchito chinthu chathu?"

Ndinati ndikumva kuti andidzutse. Anandikoka asanu ndi mmodzi, ndinadzuka, koma mpando unadzuka nane. Guluu yemwe anakana kugwira katoni anagwira buluku langa ndi mtima wonse. Ahedi anatulukira pakhomo nthawi yomweyo, n'kundipeza ndikuzungulira ngati kamba wofuna kuona chigoba chake. Anangoti, "Pitirizani, aphunzitsi," n'kutseka chitseko. Kuseka kwawo ndinakumva mpaka kukhonde.

Dziwani kuti mwa njira imeneyi chitsanzo kulephera si tsoka, n'chifukwa chake timayesa. Ndiye kunena zoona phunziro linayenda. Ndinawakhazika pansi kuti tikambirane zoti tikonze, ndikuyembekeza kumva za timizere tija. Atanong'onezana, anagwirizana kuti mpando unalibe vuto. Pabolodi analemba kuti ulendo wina apeze aphunzitsi ochepa thupi.

Buluku lija lidakali m'madzi. Kaduwa kamodzi sikakuchoka.