Kachikwama kanga ka siliva kafika pa theka

Mbali yakutsogolo yatha, yakumbuyo ndaifikitsa pakati. Kachikwama kamene ndikuluka ndi tizitsulo totsegulira zitini za zakumwa tsopano kayamba kuoneka bwino, ndipo ndikulimbikira kuti kathe ukwati wa mng'ono wanga usanafike.

Chinandikopa ndi chikwama cha katswiri wa mafashoni Paco Rabanne chotchedwa 1969, chija anachipanga polumikiza tizitsulo tozungulira. Mtengo wake si wa ife. Koma nditaona mmene amayi a ku Brazil amalukira zikwama ndi tizitsulo ta pa zitini, ndinati izi ndingathe.

Ntchito yaikulu si kuluka ayi, ndi kukonza tizitsuloto. Kuno zakumwa zambiri timamwera m'mabotolo, choncho kutolera kokha kumafuna kudekha, ndipo achimwene ena ogulitsa pa golosale ya kwathu ndiwo amandisungira m'kajumbo. Ndikafika nato ndimativiika m'madzi otentha a sopo, chifukwa shuga wotsalira amaitana nyerere. Kenako kalikonse ndimakagwira pakokha. Kumunsi kwake kumakhala kachidutswa kakuthwa pomwe kanathothoka pa chitini: ndimakachotsa ndi pulaya, n'kupalapo ndi tupa mpaka chala chizidutsa osakodwa. Apa sindithamanga, poti kamodzi kakuthwa kangathe kudula ulusi kapena kukoka diresi ya munthu pa phwando. Tizitsuloti ndi ta aluminiyamu, yemwe sachita dzimbiri lofiira lija, komanso sagwidwa ndi maginito, ndiye kalikonse kamene kamamatira ku maginito ndimakaika padera.

Polukapo ndimasanjikiza tiwiri kuti mabowo akumane, n'kudutsitsa ulusi wa nayiloni wotuwa ndi singano ya ngowe. Tonse tiyenera kuyang'ana mbali imodzi, kosalala kunja. Kamodzi kakatembenuka masana simungakaone, koma usiku pa getsi mzere wonse umawala ngati mamba a chambo, iko kokha kali bii. Ulusi wonyezimira ndaukana. Umalimbana ndi chitsulocho, pamene wotuwa umabisala n'kusiya siliva aoneke yekha.

Mayi wina wa kutchalitchi atagwira mbali yomalizidwayo anafunsa kuti, "Mwagula kuti zimenezi, asisi?" Nditawauza kuti ndi za pa zitini anaitembenuza kufuna kuona kuseri, ndipo m'pamene ndinatsimikiza kuti nsalu ya m'kati iyenera kukhala yaudongo kwambiri. Ndasankha satini wakuda, wokhala ndi kathumba kamodzi.

Kukula kwake ndayeza ndi foni yanga, kuti mulowenso kampango ndi ndalama zosinthasintha za perekaniperekani, zizituluka msanga nyimbo ikayamba. Zipi ndikaikitsa kwa telala, poti makina ndilibe. Chatsala kuganizira ndi chogwirira: tcheni chimene ndili nacho ndi chagolide, sichikugwirizana, choncho Loweruka ndikasakasaka chasiliva pa zikwama za pa kaunjika.