Multiple sclerosis: kuyeza kumodzi sikukwanira

Pa matenda ambiri amene taphunzira chaka chino, kuyeza kumapereka yankho lachindunji. Malungo ndi kadontho ka magazi, mizere iwiri, nkhani yatha. Multiple sclerosis si choncho. Palibe makina kapena kuyeza magazi kumene pakokha kunganene kuti munthu uyu ali nayo, ndipo mutu umenewu wandidyera nthawi kuposa yonse ya ubongo ndi mitsempha.

Matendawa amayamba chitetezo cha m'thupi chikatembenukira myelin, chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, chomwe chili ngati pulasitiki yokuta waya wa magetsi. Jean-Martin Charcot adawafotokoza ku Paris mu 1868, koma ndondomeko imene madokotala amatsata lero powazindikira ndi ya McDonald, yomwe idatuluka mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Phata lake ndi mafunso awiri. Kodi kuwonongekaku kuli m'malo angapo? Nanga kudachitika pa nthawi zosiyana? Nditagwira zimenezi, ndidayamba kuona kuti kuyeza kulikonse kumangoyankha kachigawo ka mafunso omwewa.

Choyamba ndi zimene wodwala akusimba. Diso limodzi lidachita chifunga n'kumapweteka poliyendetsa, kenako lidachira. Patapita chaka, mwendo dzanzi. Kuti vuto liwerengedwe, liyenera kukhala litatenga maola 24 kapena kuposerapo, munthuyo asakutentha thupi.

MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ndiyo imasenza katundu wamkulu: imaonetsa zipsera pamene myelin yawonongeka. Ndondomeko ya 2017 idatchula malo anayi: m'mbali mwa timapanga ta madzi ta mu ubongo, pafupi ndi khungwa la ubongo, chigawo cha pansi chakunkhongo, ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Zipsera zikapezeka m'malo awiri mwa anayiwa, funso la malo layankhidwa. Ya 2024 idawonjezera mtsempha wa diso kukhala malo achisanu. Chimene chidandisangalatsa ndi gadolinium, mankhwala amene amabaya mu mtsempha wa magazi pojambula. Chipsera chatsopano chimawala nawo kwa masabata ochepa chabe, chakale ayi. Ndiye chithunzi cha tsiku limodzi chikaonetsa chipsera chowala ndi china chosawala, chakuuza kale kuti matendawa adaluma kawiri.

Koma madontho oyera pa MRI ndi ofala. Amaoneka mwa okalamba, a BP, ndi amene amadwala mutu waching'alang'ala. Aphunzitsi athu adalimbikira pamenepa: yang'ana pomwe dontho lili ndi maonekedwe ake, usangowerenga kuchuluka. Ndi chifukwa chake ndondomeko ya 2024 idalandira chizindikiro cha kamtsempha ka magazi kodutsa pakati pa chipsera, komwe kamaoneka kwambiri mu multiple sclerosis kusiyana ndi mu matenda ena.

Madzi a mumsana amayankha funso lina: kodi chitetezo chikupanga ma antibody, zida zake zolimbana ndi matenda, m'kati mwenimweni mwa ubongo ndi msana? Amafufuza ma oligoclonal bands, mizere ya ma antibody yooneka poyeza madziwo, ndipo magazi ayenera kuyezedwa limodzi, chifukwa mizereyo imakhala ndi tanthauzo ikapezeka m'madzimo koma osati m'magazi. Kuyambira 2017, ikapezeka ikhoza kulowa m'malo mwa umboni wa nthawi, kotero wodwala sadikira kuti adwalenso kachiwiri asanayambe mankhwala. Palinso kuyeza liwiro la uthenga kuchoka m'diso kufika ku ubongo, komwe kumagwira mtsempha umene udatupapo ngakhale mwini wake akuona bwino.

Kwa ine, mfundo yolemera kwambiri mu ndondomeko yonseyi ndi yaifupi: pasakhale matenda ena ofotokoza bwino zizindikirozo. Ndondomekoyi idapangidwa kwambiri ndi odwala a ku Ulaya ndi ku North America, kumene multiple sclerosis ndi yofala. Kuno mtsikana wa zaka 25 akabwera miyendo italefuka, mndandanda umayambira kwina: HIV, chindoko chofika ku mitsempha, TB ya msana, kuchepa kwa vitamini B12, komanso likodzo, lomwe mazira ake amatha kukakhazikika mu mtsempha wa mumsana mwa munthu wosamba m'nyanja. Choipa n'chakuti HIV ndi chindoko nazonso zimatulutsa ma oligoclonal bands. Amene angathamangire mizereyo asanayeze magazi a zimenezi alemba dzina lolakwika, pamene chindoko chimachizika ndi penicillin.

Mnzake wa multiple sclerosis wosokoneza kwambiri ndi neuromyelitis optica, amenenso amagwira maso ndi msana, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndi a ku Asia kusiyana ndi azungu. Kale ankamuyesa mtundu wa multiple sclerosis, mpaka mu 2004 pomwe ofufuza a ku Mayo Clinic adapeza antibody yake, imene imalimbana ndi aquaporin-4, puloteni yodutsitsa madzi m'maselo ena a mu ubongo ndi mumsana. Pa MRI chipsera chake cha mumsana chimakhala chachitali, chofika mafupa atatu a msana kapena kuposa, pamene cha multiple sclerosis nthawi zambiri chimakhala chachifupi. Kusiyanitsa awiriwa si nkhani ya mayeso a m'kalasi okha: mankhwala ena a multiple sclerosis, monga interferon beta, amawonjezera matenda mwa munthu wa neuromyelitis optica.