Snowboarding ndi funso la mabungwe a masewero kwathu kuno

Anzanga a ku Zomba, masewero otsetsereka pa chipale chofewa utaponda thabwa limodzi, a snowboarding, analowa m'mpikisano wa Olympics mu 1998 ku Nagano, ku Japan. Chomwe chimandigwira mtima ndi mkangano wa utsogoleri umene unabuka. Osewerawo anali ndi bungwe lawolawo la ISF, koma IOC, komiti yaikulu yoyendetsa Olympics, inapereka mphamvu ku FIS, bungwe la masewero a ski (otsetsereka pa chipale utaponda timatabwa tiwiri). Katswiri wa ku Norway Terje Håkonsen anakwiya mpaka kukana kukapikisana nawo, ndipo pofika 2002 ISF inali itatha.

Kuno chipale kulibe, ngakhale pa Malumbe pamwamba pa phiri lathuli. Koma Eritrea inatumiza Shannon-Ogbnai Abeda, wobadwira ku Canada, kukachita ski ku Winter Olympics, mpikisano wa Olympics wa masewero a pa chipale, mu 2018. Zimenezi zimatheka dziko likakhala ndi bungwe lovomerezeka ku FIS. Ana a Amalawi okulira kunja akafuna kunyamula mbendera yathu agogoda pakhomo pa ndani? Malawi sinapikisanepo pa Winter Olympics.

Ine ndikuti a Malawi National Council of Sports ndi a Malawi Olympic Committee aganizirepo, osangoti mpira wamiyendo ndi wamanja basi. Ayambe ndi skateboarding, yotsetsereka utaponda kathabwa ka matayala, yomwe sifuna chipale ndipo inalowa kale mu Olympics ku Tokyo. Taonani anyamata otsika msewu wa Ku Chawe pa njinga zosanjikiza nkhuni kupitirira mutu, akukhota makona aja phazi likukwekwesa phula. Luso limenelo likufuna mphunzitsi, chipewa choteteza mutu ndi kabwalo ka simenti.